Tizilombo Todya Petulo m'Chitsime cha Apongozi

Mukadzandiona pa mjigo ku Lirangwe nditafola pakati pa azimayi, chonde musandifunse. Ndikuuziranitu pano kuti tithane.

Ine ndine mkamwini, ndimayendetsa kabaza yamoto pakati pa Chileka ndi Lirangwe. Petulo atayamba kusowa, ndinabisa chigubu chodzaza pa udzu pafupi ndi chitsime cha apongozi (wakuba angaganizeko kumeneko? Nzerutu zimenezo). Osadziwa chigubucho n'chobooka kunsi. Mvula itagwa, madzi a m'chitsimemo anayamba kunyezimira ngati utawaleza, tiyi n'kumanunkha galaja. Chitsime chokumba malemu apongozi aamuna ndi manja awo, ine wobwera ndachipha. Mantha anandigwira, chifukwa mkamwini sachedwa kumangiridwa katundu.

Ndinaimbira mlamu wanga amene akuphunzira za madzi m'tauni. Anati m'petulo amathiramo mankhwala ena ovuta kuchoka m'madzi, koma akatswiri ali ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zimenezo. Atayamba za matanki ndi miyezi yodikira, ndinadula foni. Za tizilombo aphunzitse ine, munthu wokulira kumudzi?

Ndinauza akazi anga kuti nkhani yatha. Ndinayamba ndi kuthira masese m'chitsimemo, poti tizilombo ta mmenemo n'tolimbikira ntchito, aliyense amadziwa. Kutacha, chitsime chili thovu tho! Aneba athu Che Amidu anabwera kudzatunga madzi osamba asanaswali. Ananunkhiza chidebe, n'kubwerera osatsanzika.

Ndinaona kuti tizilomboto tachepa mphamvu, ndiye ndinawonjezera ndowe za m'khola (musaseke, ndinasankha zatsopano). Fungo linafika mpaka kumsewu. Apa ndinaganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa pakamwa pa tizilomboto, n'kuponyamo milamba yamoyo. Milamba, nsomba zopirira ngakhale m'matope, inayandama mimba zili m'mwamba.

Apongozi aakazi, amene mwaulemu sandiyang'ana kumaso, tsiku limenelo anandiyang'ana.

"Bambo, tizilombo tanu takhuta, kapena tiponyemonso mbuzi?"

Azaumoyo anabwera n'kutseka chitsimecho. Chigamulo cha pakhomo chinali chachidule: ndinyamule chikwama ndizipita kwathu, kapena ndizitunga madzi a banja lonse, ndi a Che Amidu omwe, mpaka nditakumba china kutali.

Ndiye ndikukumba. Petulo amene ndimapeza pano amathera kunyamula zigubu za madzi, makasitomala akukwera njinga za anzanga. Mlamu akuti tizilombo take n'tosankhidwa mwapadera, ndipo amatiweta m'matanki, osati m'chitsime chakumwa. Chabwino, iyeyo ndi wophunzira. Koma ine ndikakhala pansi n'kuganiza bwino, masese aja anangochepa.