Ng'oma Yotsimphina ya ku Khuyu

Lolemba

Loweruka tikupikisana gule wa malipenga ndi boma la ku Mbungo, ndiye kuti gulu la ovina akumeneko. Chaka chatha anatichititsa manyazi pabwalo lathu lomwe. Chaka chino ayi. Ndanena ine, kingi wotsogolera boma lathu la Khuyu.

Zofunika: malipenga atsopano, masokosi oyera, ng'oma yaikulu iwambidwe, Barnaba asadwale. Popanda dzanja la Barnaba pa ng'oma palibe gule.

Fanuel, mwana wa mlongo wanga, wabwerako ku Joni. Wabwera ndi gitala yamagetsi, batire ya galimoto, ndi tsitsi lofika m'mapewa. Akuti akuyambitsa bandi, nyimbo zake ndi chamba chaphokoso chakunja, "metulo yopita patsogolo." Ayambitse. Atopa yekha.

Lachiwiri

Sanatope.

Kuyambira m'mawa kwa mlongo wanga kukumveka ngati akuphwasula denga la malata. Fanuel sakuyimba, akubuula. Nyimbo imodzi yayamba mkazi wanga akupita kukavuula chinangwa, wabwerako isanathe!

Masana tikuyeserera gule, Barnaba wachedwa. "Nangopita kukaona, a kingi." Kuona n'kwa maso. Nanga ng'oma yathu yapita kukatani kumeneko?

Lachitatu

Ng'oma yabwerako. Barnaba wabwerako. Dzanja lake latsala kwa Fanuel.

Malipenga amayenda chisilikali, kumanzere, kumanja, basi. Lero ng'oma ikugunda bwinobwino, kenako mwadzidzidzi ikudumpha ngati munthu woponda minga. Mzere wonse balala! A Matiya, wachiwiri wanga, aponda wakumbuyo kwawo mpaka chala kutupa.

Barnaba akuti Fanuel wamuuza kuti ng'oma yowongoka ndi ya ana. Ya ana! Ng'oma imene anavinira bambo anga mpaka kukalamba! Ndakwiya, koma mphamvu zokalipa ndilibe.

Lachinayi

Ndapita kukadandaula kwa mlongo wanga. Zimene ndapezako:

ana asukulu m'mwamba mwa mlambe,
asodzi atasiya maukonde osasoka,
amalonda a ku Cobue, kutsidya kwa nyanja ku Mozambique, atakhalira matumba awo a makala, akujambula phokosolo pa kaseti,
oliza malipenga anga atatu, akulizira pa sipika yoikidwa m'ndowa.

Bandi yapeza ndi dzina lomwe: Mwera Wachitsulo. Akuti mawa kubwera anthu ochokera ku Yofu, wapansi, kudzangomva mutu ukuwawa.

Mlongo wanga wangoti, "Achimwene, bola mwana asokose pakhomo kusiyana ni kubwerera ku Joni." Ndamwa madzi, ndatsanzika.

Lachisanu

Ng'oma ndaitsekera kuchipinda kwanga. Barnaba ndamukhazika pansi, ndamuwombera m'manja kagundidwe koyenera mpaka zikhatho kutentha. Walumbira. "Mawa nikhala wowongoka, a kingi, olo nife."

Tayesa. Zatheka! Mzere wowongoka, mapazi pamodzi, fumbi kobo. Koma nditaliza wezulo wowerukira anyamata sanamwazikane ngati masiku onse. Onse alowera njira imodzi, akuti akukasamba. Kunyanja si kumeneko.

Kunyumba mkazi wanga akusinja chinangwa. Nawo munsi ukudumpha. Ndatopa, anthuni.

Loweruka

Bwalo ladzaza. A ku Mbungo alowa oyera mbee, avina molunjika. Ndisaname, anthu aja amatha.

Ife talowa. Nyimbo yoyamba bwino. Yachiwiri bwino, mtima wayamba kukhala m'malo. Pa yachitatu ndikuona Fanuel pakati pa anthu akupukusa tsitsi lake lija. Barnaba nayenso wamuona.

Basi. Ng'oma yadumpha.

Ndatsinzina kudikira kuti mzere ugwe. Sunagwe. Anyamata anga adumpha nayo limodzi, onse, ngakhale a Matiya ndi mawondo awo! Ndiye kusamba kwa dzulo kuja n'kumeneku! Wosochera ndine ndekha, kutsogolo, ndodo m'manja, phazi lili m'mwamba losadziwa kotera.

Nthungululu! Amayi kuyala zitenje pansi! A ku Mbungo avomera okha kuti zotere sanazionepo.

Apongozi anga atiyamikira. "Gule wabwino zedi. Koma uja wakutsogolo uja mumuphunzitse." Maso awo ndi ofooka masiku ano. Ndikhulupirira choncho.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi aliyense akundigwira chanza. Tapambana. Ndimafuna zomwezo, eti?

Kugombe bwato la ku Cobue likudikira. Kaseti ija yawoloka kale, ndiye aitanidwa ku ukwati: Mwera Wachitsulo ndi boma la Khuyu, pamodzi. Ine ndamva lero.

A Matiya andikokera pambali. "Ukingi ni wanu ndithu, palibe angalande. Koma lero mupumitseko miyendo."

Ng'oma ndanyamula ndekha mpaka m'bwato, ndaikulunga ndi pulasitiki kuti isanyowe. Barnaba akuyang'ana pansi. Fanuel akundithokoza, "Amalume, inu ni amene mwatikweza." Zoona, mwanangu. Mtima ukuwawa, koma wokangana naye ndani, poti onse akusangalala?

Boma silinyamuka kingi asanalamule. Ndafufuza wezulo m'thumba, ndaliza mwamphamvu.

Anyamuka kale, ine ndili pagombe.