Ketill ndi Munda wa Pansi pa Lilime

M'chigwa chathu, kum'mwera kwa Iceland, aliyense ankadziwa kuti malemu a Ketill Ormsson ankatukwana madzi oundana. Sankatukwana mwangozi monga amachitira munthu akaterereka. Ankakonzekera chaka chathunthu. Mwezi wa Seputembala ukafika, nkhosa zitatsika kumapiri, ankanyamula chingwe choyezera n'kukaima pamphuno pa Lilime, chimtsinje cha madzi oundana chimene chimatsetsereka kuchokera kumapiri, n'kulikalipira mpaka mawu kusasa.

Mlandu wake unali wakale. Zaka mazana awiri ndi theka zapitazo, dziko litazizira, Lilime linatsika pang'onopang'ono n'kumeza malo a makolo awo: nyumba, makola, msipu ndi manda asanu ndi awiri. Linatenga zaka makumi atatu kuti limalize, banjalo likuona. Anasamuka n'kumakaweta pa malo a eni. Mabanja ena amene anaona zomwezo anaiwala kalekale, koma a Ketill ankasimba nkhaniyi ngati yachitika dzana, ndipo cholinga cha moyo wawo chinali chimodzi: kuti malowo abwerere.

Bungwe lina la ku Reykjavík, likulu la dziko lathu, limapempha alimi kuti chaka chilichonse aziyeza mtunda wochokera pa mulu wa miyala kukafika pamene madzi oundana athera. Alimi anzawo ankalemba nambala yokha. A Ketill ankadzaza kamzere ka ndemanga mpaka kuseri kwa pepala. "Mbava yabwerera m'mbuyo mamita anayi," analemba chaka china. "Sikuoneka kuti yalapa."

Kumapeto kwina kwa chingwe kunkakhala mnansi wawo, a Teitur.

"Ketill, chinthuchi chilibe makutu," ankatero a Teitur.

"Iwenso ulibe, koma ndakhala ndikukulankhula zaka makumi anayi. Koka chingwecho."

Chaka china Lilime linasendera kutsogolo mamita khumi ndi awiri n'kugwetsa mulu wa miyala uja. A Ketill anafika kunyumba maso ali psuu.

"Lamva zimene mumalinena," anatero akazi awo, a Vigdís, uku akuthira khofi. "Likubwera kudzayankha."

A Ketill anatenga fosholo n'kumakakhala pamwala kutsogolo kwa Lilime tsiku lililonse kwa sabata yathunthu. Chaka chotsatira Lilime linaima. Iwo ankati analiimitsa ndi iwo, ndipo palibe amene anatsutsa iwo ali pomwepo.

Kwathu anthu amati madzi oundana amabweza chimene atenga. Mawuwa anachokera kwa apaulendo amene amagwera m'ming'alu ya madzi oundanawo kumtunda, mitembo yawo n'kudzatulukira kumunsi patatha zaka makumi asanu, nsapato zili kumapazi. A Ketill anaganiza kuti chimene chingasunge munthu chingasungenso munda. Apa ndi pamene panagona kulakwa kwawo. Wapaulendo amanyamulidwa m'kati mwa madzi oundanawo, pamene munda umatsala pansi pake, ndipo pansipo ndi mphero.

Kenaka, nyengo itatentha, Lilime linayamba kuthawa: mamita makumi atatu pachaka, makumi asanu, mpaka zana. Akatswiri ankabwera kuchokera mumzinda nkhope zili zakugwa, n'kupeza nkhalamba ikuseka ngati yapambana kukhothi. Inagula mbewu ya udzu ndi mitengo ya mpanda. Inaimbira foni mwana wake Sunna, amene amagwira ntchito ku Reykjavík, kumuuza kuti ayambe kuphunzira kumeta nkhosa.

"Bambo, inetu ndili pantchito."

"Ntchito ya pampando si malo, mwanawe. Agogo ako atsala pang'ono kutuluka."

Buku lakale la malire linkanena kuti munda unayambira pa thanthwe long'ambika pakati. Thanthwelo linaonekera a Ketill ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu. Anavala suti ya kutchalitchi, a Teitur akuwatsata ndi chingwe. Atakwera kachitunda ka miyala kamene Lilime linasiya, anaona nyanja. Inali yotuwa ngati madzi otsukira mbale, zibuma za madzi oundana zikuyandama pamwamba. Pa zaka zonse zija Lilime linali likukumba, ndipo dzenje lake linali lakuya kuposa nsanja ya tchalitchi.

"Mwina si pano," anatero a Teitur.

"Ndi pano."

"Mwina madziwa adzaphwa."

"Teitur, usandimvere chisoni. Sizikukuyenera."

A Ketill anagwada m'mphepete mwa nyanjayo, suti ili m'thupi, n'kutapa matope osalala ngati ufa wonyowa. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Agogo ndi awa," anatero. "Khola ndi ili, msipu ndi uwu. Labweza zonse, koma lasakaniza."

Chaka chimenecho anatumiza nambala yokha.

Sanasiye kuyeza. Popeza chingwe sichikanatha kuwoloka nyanja, ankabwereka bwato, a Teitur akupalasa. Koma mawu awo anatsika. Pa ulendo womaliza, atafika pafupi ndi khoma la Lilime, limene tsopano linali lopyapyala ndi lakuda ndi phulusa la mapiri ophulika, likudontha paliponse, a Teitur anawamva akulankhula ngati munthu wopempha.

"Ima pomwepo. Ukatha, ine ndidzafunsa ndani?"

A Ketill anamwalira m'mwezi wa Meyi, nkhosa zikubereka. Masiku ano Lilime limayezedwa ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, ndipo nambala zake n'zolondola kuposa zawo. Linabisala kuseri kwa phiri, moti ana obadwa tsopano saliona ali pakhomo. M'chigwa mulibenso munthu amene amalikwiyira. Timalitchula motsitsa mawu, monga mmene amatchulira wodwala amene madokotala amubweza kunyumba, ndipo batali ndi lolemera kuposa phokoso lonse lija.

Malo aja a Ketill anasiyira Sunna, monga mwa lamulo, ndi malire ake onse. Mabwato a alendo amadutsa pamwamba pake kanayi patsiku. A Teitur, amene miyendo inawakana, amakhala pa benchi pafupi ndi pokwerera, ndipo nthawi zina mlendo amawafunsa kuti kale pamenepa panali chiyani.

"Munda wa mnzanga," amayankha.

Mlendoyo amayang'ana madziwo, n'kuseka mwaulemu, poganiza kuti nkhalambayo ikungocheza.