Mwendo umene sunadikire kanyundo

Mpaka lero ndikamalowa m'tchalitchi, ana a kwaya amayang'ana kumapazi kwanga. Ndimangowalonjera n'kudutsa.

Mkazi wanga atamwalira ndinakhala ndekha zaka zingapo osadandaula. Kumunda, ku Misa, ku mphakati, basi. Kenaka ku mphakati wathu kuno kwa Kalembo kunabwera Mayi Nachanza, amasiye ngati ine, amene amati akayambitsa nyimbo ine n'kuiwala ndime yachiwiri. Sindinawauze kanthu. Ndinkangowanyamulira mpando, ndipo tikaweruka ndinkawaperekeza, njinga yanga ndikukankha.

Vuto linali a Makwinja. Anapuma ntchito ya njanji ku Balaka, ali ndi njinga yamoto, ndipo nthabwala zawo amayamba kuziseka asanazimalize. (Si munthu woipa. Ndayesetsa kuwapezera choipa, ndalephera.)

Lamulungu lina itatha Misa, kunabwera ophunzira zachipatala kudzayeza akuluakulu mwaulere. Tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango, ndipo Mayi Nachanza anaika ndowa ya thobwa chapafupi kuti alendowo amwe akamaliza. Mtsikana wina anali ndi kanyundo ka labala. Ankakukhazika patebulo, miyendo ili lende, n'kukugogoda kunsi kwa bondo.

Anayamba ndi a Makwinja. Kanyundo kuti go, mwendo n'kudumpha.

"Eee, a Makwinja, mudakali anyamata inu!" anatero Mayi Nachanza uku akuwomba m'manja.

"Mayi, umenewu ndi wakumanzere. Wakumanja musaime nawo pafupi."

Mayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Chiyambireni kuwaperekeza, ine sanandisekerepo chotero. Mtima unandiwawa, chonsecho ndinali nditangolandira kumene Ukaristia.

Ndili pamzere ndinayamba kulingalira. Mwendo wanga umapalasa njinga mpaka ku Liwonde, wa a Makwinja ndi wongoponda giya. Koma nanga wangawo ukapanda kudumpha pamaso pa anthu onsewa? Ndinatsimikiza zouthandiza pang'ono.

"Khalani apa agogo, mumasuke," anatero mtsikanayo. (A Makwinja, mtsikana yemweyu anawatchula kuti bambo. Tinabadwa chaka chimodzi.)

Anakweza kanyundo. Pomwepo mnzake anamuitana, iye n'kucheuka, kanyundo kali m'malere. Ine ndinali nditakonzeka kale. Ndinaponya mwendo ndi mphamvu zonse. Nsapato yanga ya ku Misa, imene sindimanga zingwe chifukwa cha chala chotupa, inavuka, kudutsa pamutu pa a katekisiti, n'kukagwera mu ndowa ya thobwa.

Mtsikana uja anatembenukira kwa ine, kanyundo kadakali m'malere.

"Agogo, sindinakugundenitu."

"Kapena ndi mphepo yake ya kanyundoko," ndinatero. Bodza, pabwalo la tchalitchi.

"Iyayi agogo. Ndikagogoda, uthenga umathamangira kumsana n'kubwerera ku mwendo, mutu umamva zitachitika kale. Zimenezo munthu sachita kufuna. Koma uwu wachokera kumutu, mwautuma nokha."

A Makwinja anavuula nsapatoyo ndi kamtengo, ikuchucha.

"Achimwene, bweretsani inzakeyo, thobwa likome mbali zonse!"

Anthu anagwa nacho chiseko, koma Mayi Nachanza sanaseke. Anayang'ana mu ndowamo n'kunena motsitsa mawu, "Chimera changa chonse. Nanga alendo amwa chiyani?"

Ndinkafuna kupepesa koma ndinachedwa. A Makwinja anali ataliza kale njinga yawo.

"Kwerani mayi, tikawagulire zakumwa pamsikapa."

Anakwera, n'kuwagwira paphewa.

Mtsikana uja anati tiyesenso. Anandiuza kuti ndikolowanitse zala za manja onse, ndikoke mwamphamvu, maso ndiyang'ane mango kumwamba. Ndinamva go, mwendo n'kudumpha wokha ine osautuma. Ndipo ndinene zoona, unadumpha kuposa wa a Makwinja.

"Mitsempha yanu ili bwino kwambiri, agogo."

Ndinacheuka msanga kuti ndione amene wamva. Kumsewu kunali fumbi lokhalokha. Mboni yanga anali a katekisiti, ndipo iwo anali kalikiliki kupukuta thobwa pa jekete.

Ndinakaulula zonse kwa bambo mfumu: nsanje, bodza, ndi thobwa lomwe. Anatsokomola nthawi yaitali asanandipatse chilango. Masiku ano Mayi Nachanza amabwerera kwawo pa njinga yamoto, ndipo ine ndimapemphera kuti mtima wanga ukhale pansi, ndiziwafunira zabwino onse awiri. Ndikuona ngati zikutheka pang'onopang'ono.

Kungoti alengeza kuti kubwera oyeza maso, ndipo a Makwinja sawerenga nyimbo popanda magalasi. Woyamba kulembetsa ndine.