Masikuluwu a Mbali ya Amayi

Malemu a Timoteyo Sakala sankayang'ana munthu kumaso. Akalowa m'nyumba mwako, moni ankapereka maso ali kudenga, ndipo ukawafunsa kuti adzuka bwanji, yankho linali lakuti, "Anakukhomerani ndani apa?"

Anagwirapo ntchito ku Chipata yomanga madenga a zitsulo zopyapyala zija zopinda ngati ngalande. Anabwerako ndi chiphunzitso chimodzi: chitsulo sichithyokera pakati, chimagonjera polumikiza. Ankachilalikira pamsika wa Mkanda, pachigayo, ngakhale pamaliro. Ife tinkangogwedeza mitu osatolapo kanthu.

Akafuna kuyesa denga ankalendewera polumikizapo ngati mleme, miyendo ikupalasa m'malere. Tsiku lina anatero pashedi yatsopano ya fodya ya a Laston, shedi yonse n'kukhala pansi.

"Mwandigwetsera shedi, a Sakala."

"Ayi, ndakupulumutsirani fodya. Chitsulo chopyapyala munachiwotcherera, chinapsa."

Mpaka lero a Laston sadziwa ngati anayenera kuthokoza kapena kukasuma.

Ndiye kontilakita wa ku Lilongwe anatifolera tchalitchi ndi zitsulo zomwezo. Lamulungu loyamba a Sakala anangoti maso kudenga. Oyandikana nawo anayang'ananso, kwaya inasiyira nyimbo panjira, mpaka abusa anatseka Baibulo poganiza kuti kwatsika masomphenya.

"Mwaonanji, a Sakala?"

"Masikuluwu awiri pofunika anayi, abusa. Komanso ali kumphepete kwenikweni. Mphepo ikadzakoka, chitsulo chidzang'ambika ngati lamba wakale pabowo lomaliza."

Komiti ya tchalitchi inakana kuti awonjezere masikuluwuwo. Ine monga mlembi ndinawafunsa kuti kontilakita ali ndi mapepala, nanga iwo ali ndi chiyani? Anandionetsa sikuludiraiva.

Lachiwiri lina masana ndinawapeza m'tchalitchimo ali pamakwerero, masikuluwu ali m'kamwa.

"Mukuika kapena mukuchotsa?"

Anang'ung'udza zosamveka. Ine ndinati basi akuba, n'kuwalanda makwerero, n'kusintha loko. Ndinali ineyo, sindibisa, ndipo zimandichititsabe manyazi.

Mu Januwale, ulaliki uli mkati, kunabwera chimphepo cha mvula. Denga la mbali ya abambo linalira kamodzi, n'kunyamuka ndi malata omwe kukatera m'munda wa chimanga. Ife madoda, masuti ali chonyowa, tinathawira kwa amayi, kumene ngakhale lata limodzi silinagwedezeke. Palibe anavulala. Titakwera m'mawa mwake tinapeza masikuluwu anayianayi mbali ya amayi yokha, kuyambira pamwamba pa benchi yachitatu, pamene pankakhala akazi awo, amayi Esitele.

Ndinapita kukapepesa, komabe ndinafunsa. "Bwanji simunayambire kwa abambo?"

"Madoda alipo ambiri, a mlembi. Mkazi ndili naye mmodzi."

Denga latsopano anakhoma okha, ine nditagwira makwerero. Anayesa kundiphunzitsa za mabowo otambasuka ndi masikuluwu opendekeka, koma mutu wangawu sunagwire.

Anatisiya chaka chatha, fodya ali m'mashedi. Tsopano munthu akalowa m'nyumba mwako amakuyang'ana kumaso, ndipo ine zimenezi zimandipatsa chisoni. Mphepo ikawomba Lamulungu, tonse timakweza mitu kudenga osadziwa chimene tikufunafuna. Amayi Esitele okha, pabenchi yachitatu paja, sayang'ana n'komwe. Amangopitiriza nyimbo.