Ndevu za Apongozi m'Kamera

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota maloto oti munthu umadzuka utatopa ngati walima ekala. Imitsani kaye bawoyo.

Muyambe mwadziwa gwero lake. M'kati mwa kamera yanga muli kagalasi, amati sensa, pomwe chithunzi chimafikira. Mwezi watha panagwera kafumbi. Ine katswiri wa Sitandade 6 ndinauzirapo ndi pakamwa nditangodya kanyenya, kenako n'kupukuta ndi nsonga ya shati. Kadontho kaja kanasanduka mzere wa mafuta, pakati penipeni. Ndiye mukudziwa kuti kwathu kuno pakati pa chithunzi pamakhala wamkulu, ndipo wamkulu wa kwaya ya amayi kutchalitchi ndi apongozi anga, Anankhoma. Zithunzi makumi atatu, chilichonse mzere uja wagwera pamlomo pawo, apongozi ali ndi ndevu. Loweruka likudzali kwaya ijambulitsa yunifolomu yatsopano, ndipo uthenga unadzera mwa mkazi wanga wakuti ndevu zikabweranso, mkamwinine ndimange katundu ndizipita kwathu ku Ntcheu.

Ndiye ndinalota ndachepa ngati nyerere, ndaima pakhomo pa kamera yangayo, tsache lili paphewa. Pageti panali wapolisi.

"Ulendo wa kuti, bambo?"

"Kwanga, bwana. Kamerayi ndi yanga."

"Tsachelo lili ndi laisensi?"

Ndisanayankhe, mwadzidzidzi anasanduka bakha, chipewa chikadali kumutu, n'kuyamba kusecha m'matumba mwanga ndi mlomo. Geti lake linali lija limaphethira pojambula, ndiye litangoti phethi ndinadumphira m'kati, nsapato imodzi n'kutsala ndi bakha.

M'katimo sensa ija inali itakula ngati bwalo la mpira, yonyezimira. Fumbi linali litamangapo mudzi, golosale, chigayo, ngakhale malo ometera. Pakati pake panagona mzere wa mafuta uja, wonenepa, ukutokosa m'mano.

"Fikani, adadi," unatero.

"Adadi ako ndani?"

"Mesa munandibereka ndinu? Amayi anga ndi shati yabuluu ija."

"Ndabwera kudzakusamutsa."

"Ndipite kuti? Ine ndinazolowera pamlomo pa agogo. Amanditenga paliponse, ndi kumaliro komwe."

Ndiye ndikuti ndikweze tsache, kunatulukira kapampu kamphira kouzira fumbi, kaja ndinagulira limodzi ndi kamera, katatupa ndi mkwiyo.

"Zaka ziwiri ndili m'bokosi, inu muli kalikiliki kuuzira ndi pakamwa ngati mukukoleza mbaula! Tsachelo ikani pansi musanatiphe tonse."

Kanangoti fuu kamodzi, mudzi wonse wa fumbi n'kuuluka, chigayo chikugayabe m'mwamba, wometa akuthamangitsa mutu wa kasitomala. Koma mzere uja unangotembenuka n'kuyasamula.

"Mphepo ndi ya ana. Ine ndine mafuta, adadi."

Mwadzidzidzi panaima kamtengo kopukutira, kovala zoyera ngati namwino, mphuno m'mwamba. "Dontho limodzi la mankhwala, kudutsa kamodzi, osabwerera m'mbuyo, nkhani yatha," kanatero. "Koma popanda kalata ya akhonsolo ine sindigwira ntchito."

Ndiye anafikadi bwana wa kukhonsolo, tayi yake yofika m'mawondo, chikwama kukhwapa. Anati ayeze kaye ngati mzerewo uli m'malire anga. Anagona chafufumimba kuti aone bwino, chikwama chija n'kukwera pamsana, ndipo ndikuona ndi maso angawa anasanduka nkhono. Anayamba kukwawa pagalasi langa kuchoka uku kupita uko, kumbuyo akusiya mamina.

"Bwana, mukuwonjezeratu!"

"Limenelo ndi lipoti. Mudzabwere Lolemba, tidzayeze lipotilo."

Nditayang'ana bwino, mizere inali yokwanira kwaya yonse. Alito ndevu, sopulano ndevu, ngakhale khanda la kumsana ndevu.

Ndiye kumwamba kunada, pabowo la kamera n'kusuzumira nkhope ya apongozi, yaikulu ngati phiri, ili ndi ndevu zenizeni, akuzipesa ndi chipeso cha mkazi wanga. Ndinagwada msangamsanga n'kuyang'ana kumbali, pajatu mkamwini sayang'ana apongozi m'maso ngakhale atachepa ngati nyerere.

"Akamwini, tapatukani," anatero. "Chinthu chikada timakwecha."

M'dzanja ili mchenga, m'dzanja ilo phulusa ndi chiguduli. Anzanga, galasi loti ukalikanda pang'ono kamera yafa! Koma apongozi ungawagwire dzanja? Ungawauze kuti ayi? Ndinangotembenukira kukhoma n'kukuwa kuti, "Wina awauze amayi kuti pamenepo sakwecha!"

Bakha uja anasuzumira, nsapato yanga ili kukamwa. "Madandaulo a m'banja amadzera kwa ankhoswe."

Mchenga unatera. Kwe, kwe, kwe. Nkhono inathawa liwiro la njinga yamoto, mzere uja ukulira kuti agogo mukundipweteka, ine ndikuona kale basi ya ku Ntcheu ikubwera m'kati mwa kamera momwemo, kondakitala akundiitana ndi dzina. Kwe, kwe, kwe.

Ndinatsegula maso kutacha kale, koma kukwecha kuja osaleka. Ndinayang'ana pamsomali pomwe ndimaikoleka, kamera ili pomwepo. Ndinatuluka nditafunda bulangete, n'kupeza ndi apongozi, akhala pafupi ndi thandala, akukwecha poto wa nyemba ndi mchenga. Ndinanjuta chapatali.

Iwo osandiyang'ana, anaitana mwana wawo. "Esinta, uwauze amuna akowo kuti ndevu zija asachotse. Loweruka ine ndiima kumapeto. Pakati ndaikapo Mayi Kachingwe, aja akuzungulira m'makomo kuti mpando wanga ukuwayenera."

Kenako anatapanso mchenga wina n'kupitiriza ndi poto wawo.