Sensa ya Anapiye ndi Apongozi Anga

Mpaka lero ndikakumana ndi apongozi anga ndimayang'ana zala zakumapazi, ndipo si ulemu wokha ayi.

Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ku Chipata, koma ndili ndi khola la nkhuku ku Madzimoyo, kwawo kwa mkazi wanga. Amandisamalira nkhukuzo ndi apongozi aakaziwo. Mwezi wa Juni nditagula anapiye, ndinagulanso kachipangizo koyeza kutentha, aka amati sensa, kokhala ndi simukhadi m'kati. Ukakalumikiza ku kilaudi (musandifunse kuti kilaudiyo ili kuti, inenso ndimangoloza kumwamba), kamatumiza manambala pafoni. Ndinalimbana nako tsiku lonse, kukwera pachulu kusaka netiweki, mpaka kanayatsa kagetsi kobiriwira. Ndinakapachika pamsomali m'khola n'kubwerera m'tauni ndikudzimva uinjiniya.

Ndiye kanagwira ntchito bwanji! Usana ndi usiku, kutentha kumangokhala pamene anapiye amafuna. Ku ofesi ndinasowetsa anthu mtendere. Aliyense, ngakhale abwana, ndinkamuika foni pamphuno.

"Taonani apa, bwana. N'kofunda bwinobwino, sikutsika olo pang'ono. Ine ndimayang'ana ndisanagone, ndikadzukanso ndimayambira pomwepa."

Pakati pa sabata mkazi wanga anati, "Amama atumiza uthenga. Akuti makala a m'mbaula atha, anapiye akuunjikana pakona."

"Auze asavutike," ndinatero ine wophunzira. "Sensa sinama. Makala tidzapita nawo Loweruka."

Loweruka lija nditatsegula khola ndinapeza muli mozizira ngati m'firiji. Anapiye ambiri anali gone, miyendo m'mwamba, otsalawo akunjenjemera m'dengu limene apongozi analifunditsa bulangete lawo. Pamsomali panalibe kanthu. Koma foni m'manja mwangamu inkanenabe kuti kwafunda.

Mkamwini safunsa apongozi maso ndi maso, choncho ndinaima kuseri kwa nkhokwe n'kutuma mkazi wanga. Yankho ndinalimva ndekha.

"Kowala kaja? Iii, chinthu chodula chonchija kuchisiya ndi makoswe? Ndinakasunga ine."

Ndinasuzumira. Apongozi anapisa dzanja m'bulauzi, momwe amasungamo foni ndi kolona, n'kukatulutsa kakuphethirabe kobiriwira.

Manyazi amene ndinachita, abale, sindinawaonepo chibadwire. Sabata yonse ine ndinkayeza apongozi. Mkazi wanga anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anakumbukira anapiye n'kusiya kuseka (apa m'pamene ndinachita mantha enieni).

Phunziro ndinalitola ndithu: munthu amene akugona pafupi ndi khola akati kwazizira, ndiye kuti kwazizira basi. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma tili mu minibasi pobwerera mkazi wanga ananditsina pantchafu.

"Ndiye manambala a amama aja munaonetsa anthu angati?"

"Awiri okha," ndinatero, maso ali pawindo.

(Inali ofesi yonse, ndi mlonda yemwe.)