Tsiku Limene Sipika Yachinayi Inalowa

Sekani ndithu, mano ndi anu. Koma amene akuti ine Sakala ndimanama aimirire pano andiyang'ane m'maso, chifukwa ndakhala ndikukuonererani kuyambira m'mawa, amuna atatu athunthu, ndevu zili pachibwano, mukulimbana ndi timasipika tiwiri tonga mabokosi a nsapato ndi kakompyuta kopyapyala ngati mpeni, mukutsegula buti, mukutseka buti, thukuta kamukamu, mtsikana wa mnzanuyo waima padzuwa ndi chikwama mpaka miyendo yatupa, kenako wina n'kumandiuza kuti, "Ba mudala, vinthu vakana kungena, motoka ni ing'ono." Motoka ing'ono! Mitu yanu ndiyo ing'onoing'ono. Mumadzitcha madijeyi inu? Khalani pansi mumve za anthu amene ankadziwa kupakira.

Ine pa Chawama pano ndinali Chivomezi. Funsani aliyense wa imvi. Zinali zaka zija dziko litauma, unga tikuugonera pamzere, saladi, mafuta ophikira aja, akugulitsidwa pa supuni, sopo tikungomumva m'nkhani, basi ikabwera kamodzi anthu n'kumaiombera m'manja ngati mkwatibwi. Malaiti ankabwera ngati mlendo wodutsa. Koma anthu ankakwatirana ndithu, njala siletsa chikwati, ndipo kulikonse kumene kunali chikwati, kuyambira Kanyama mpaka Mtendere, ankafuna Chivomezi.

Katundu wanga sanali tizidole tanuti. Masipika anali anayi, anandikhomera ndi kalipentala wa mabokosi a maliro, matabwa a mukwa, iliyonse yaitali ngati chitseko cha tchalitchi, ampulifaya yoti amuna anayi akainyamula wachisanu azingowapempherera, makina awiri oimbira malekodi, malekodiwo makatoni asanu ndi awiri, jenereta imene inathawa ku migodi, mawaya oti mutawatambasula angafike ku Kafue n'kubwerera, maiki, matebulo awiri, ndi malaiti ofiira ndi obiriwira okwana kuunikira komboni yonse ya George. Mukumva? Osati izi mukuika m'thumba la buluku.

Tsono panali Esinati. Apa musaseke, ndingakuswe. Esinati anali mwana wa ba Daka a ku Matero, koma ankakhala kuno ku Chawama kwa azakhali ake, akuphunzira utelala. Ndinkamukonda mwana uja, ndinkamukonda moti ndikamuona akubwera ndi chigubu cha madzi ndinkaiwala dzina langa. Iyenso ankandifuna. Vuto anali bambo ake, ba Daka, omanga nyumba, akulu a mpingo, nkhope ngati njerwa yopsa. Iwo ankati woimba malekodi si munthu wantchito, ndi wogulitsa phokoso. Mtima wawo unali pa Layitoni, kakalaliki ka muofesi ya zikalata, kowonda, kovala masokosi oyera, kamene chuma chake chonse chinali njinga ndi cholembera cha m'thumba la shati.

Mulungu si Daka. Mkulu wake wa Esinati, Malita, anapeza mwamuna, ndipo gulu la magitala limene linalonjeza kudzaimba pa chikwaticho linagulitsa magitala onse n'kugula unga kutatsala sabata imodzi. Ba Daka anameza malovu owawa n'kundiitanitsa.

"Iwe Sakala," anatero, osandipatsa ngakhale mpando. "Loweruka dzuwa lisanafike pamutu ndifuna zinthu ziwiri pakhomo pano. Nyimbo zako, ndi mwana wanga Esinati pamodzi ndi diresi la mkwatibwi limene akusoka ku Chawamako. Ukabweretsa, tumiza ankhoswe ako, tikambirane. Ukalephera, geti ili uliiwale."

Ndinati zachepa. Ndinapita kwa ba Nkhoma, amalonda a makala, okhawo amene anali ndi motoka m'dera lathu lonse. Motoka ndikunena mwaulemu. Kanali kamotoka ka zitseko ziwiri, kakafupi moti ukakhala kutsogolo chigongono chimagunda nambala ya kumbuyo, kamene nkhuku zinkakaikira mazira pansi chifukwa kanali katatha miyezi kasanayende. Petulo kunalibe m'tauni monse. Ba Nkhoma anatulutsa pansi pa bedi botolo limodzi la saladi, lodzaza petulo mpaka m'khosi, analisunga ngati mankhwala a njoka, ndipo anati, "Ba Sakala, uyu ni wa ulendo umozi chabe. Vamene vasala, vasala." Ulendo umodzi, Chawama mpaka Matero, katundu yense uja, ine, iwo, Esinati ndi diresi. Mukumva?

Tcherani makutu apa, chifukwa sukulu iyi simudzaipeza pa foni. Kupakira kuli ndi lamulo. Cholemera chimapita pansi, chosweka chimapita pakati, ndipo chimene chidzafunike koyamba mukafika ndicho chimalowa pomaliza, kuti chikhale pakhomo. Lamulo limeneli ndinalipanga ine, ena onse anangobera. Ndiye m'mawa wa Loweruka Esinati atafika, atavala diresi lake la maluwa, la mkwatibwi atalikulunga m'chitenge n'kulifungatira ngati khanda, ndinamuuza kuti, "Ima apo pamthunzi, mayi. Iwe ndiwe wofunika koyamba, ndiye ulowa pomaliza. Mpando wakutsogolo ndi wako." Anamwetulira. Ha, kumwetulira kuja!

Ndinavula shati. Ndinazula mpando wakumbuyo n'kuupatsa ana kuti azisewerera, ndinataya tayala lapadera, ndinachotsa makapeti, magalasi a m'mbali, ngakhale utoto wa m'kati ndinaupala ndi mpeni chifukwa unkadya malo, kenako jenereta pansi, ampulifaya pamwamba pake, makina oimbira malekodi pamwamba pa ampulifaya, sipika yoyamba chogona, yachiwiri chotsamira, yachitatu ndinailowetsa chozungulira ngati mmene mzamba amatembenuzira mwana m'mimba, makatoni a malekodi ndinawamasula n'kulowetsa lekodi imodziimodzi m'ming'alu, ina m'denga, ina m'zitseko, ina kuseri kwa sitiyeringi, matebulo ndinawapinda kanayi osathyoka, malaiti ndinawaika m'kamwa mwa masipika, mawaya ndinakulunga ba Nkhoma kuyambira m'chiuno mpaka m'khwapa n'kuwakhazika pampando wawo ngati mtolo wa nkhuni, ndipo nditakankha komaliza mpweya wonse wa m'motoka unatuluka ndi mluzu umene agalu a ku Misisi anauyankha. Ntchentche ina inafuna kulowa, inazungulira katatu, inasowa poponda, inabwerera ikutukwana. Pali amayi anga kumanda, ndinaiona ndi maso awa.

Panatsala sipika yachinayi, ndi mpando wakutsogolo.

Apa n'kuti Chawama yense atasonkhana, amayi a tomato, ometa, ogulitsa makala, zidakwa za m'mawa, ena pamitengo, ena pamadenga. Ndipo pakati pawo, atatsamira kanjinga kake, panali Layitoni, amene ankati wangodutsa. Kudutsa ku Chawama munthu wa ku Matero! Anakonza kolala n'kulankhula mokweza kuti onse amve: "Ba Sakala, siyani imozi. Zitatu zikwana. Iyo siingene olo mupemphere."

Anthu anaseka. Anandiseka ine, Chivomezi, pakhomo panga, chifukwa cha munthu wa masokosi oyera! Ndinaiyang'ana sipika ija, ndinayang'ana kamotoka, sipika inali yaitali kuposa motoka ndi mkono wathunthu, koma ine ndimadziwa chimene inu simudziwa, kuti sipika imapuma, ndiye ndinalumikiza waya ku batire, ndinapanikiza chala pa singano kuti ilire mawu apansi okhaokha, aja omveka m'chiwindi, kamotoka kanafufuma ngati chule, kakupuma, kakufufuma, kakupuma, ndipo pamene kanakoka mpweya kachitatu ndinaikankha ndi phewa, khutu! pampando wakutsogolo, chitseko mba! Inalowa. Amayi a tomato analuluta, zidakwa zinagwa m'mitengo, Layitoni anayang'ana pansi ngati wataya ndalama. Esinati ndinamuuza kuti akwere basi atipeza kutsogolo, nkhani yaing'ono imeneyo, tibwererako. Ine ndinadzimangirira padenga ndi lamba, ba Nkhoma anatulutsa mutu pawindo chifukwa m'kati munalibe malo a mutu, magiya ankasintha ndi chala cha kuphazi, ndipo tinanyamuka fumbi lili kobo.

Petulo anathera pa msewu wa Kafue, tauni tikuiona apo. Ba Nkhoma anayamba kulira, kuitana amayi awo a ku Petauke. Inu mukanatani? Mukanaimba foni, ndikudziwani. Ine ndinapisa dzanja pa kabowo kamene ndinasiya dala padenga, ndinagwetsa singano pa lekodi ya rumba, masipika onse anayi anabangula pamodzi m'katimo, ndipo poti phokoso linasowa potulukira linatulukira ku paipi ya utsi, du! kamotoka kanalumpha mayadi khumi, du! ena khumi, ng'oma ikagunda ife tadumpha, gitala ikalira ife takhota, maenje a mumsewu tinkangowaona pansi ngati mbale, miyala yotsendera malata ku Chibolya inkavina pamadenga, tomato wosapsa wa pa msika wa Soweto anapsa nthawi yomweyo, ndipo anthu a pamzere wa unga, amene anali asanaseke chiyambire chaka, anadula chiuno onse pamodzi popanda ngakhale mmodzi kuchoka pamalo pake. Wapolisi wina anatiimitsa, akufuna unga wozembetsa, anati asecha, anazungulira motoka kufuna polowetsa chala, anapeza kuti ngakhale kulira kwa wezulo yake kukubwerera, anatichitira sawasha n'kutiuza kuti tipite. Pa msewu wa Lumumba tinadutsa mthunzi wathu womwe. Unatipeza ku Matero tikutsitsa katundu, uli wefuwefu. Mukumva? Dzuwa linali lisanafike pamutu!

Ndinatsitsa zonse mwadongosolo, chomaliza kulowa choyamba kutuluka, sipika yachinayi patsogolo ngati mfumu. Palibe lekodi inasweka, palibe babu linaphwanyika. Ndinaima pageti chifuwa chili patsogolo. Ba Daka anatuluka atavala suti ya maliro ndi maukwati, anayang'ana masipika, anasuzumira m'motoka, anasuzumiranso.

"Phokoso ndaliona," anatero. "Mwana wanga ali kuti?"

Ndinati ali m'njira, akubwera pa basi. Basi, zaka zimenezo, Loweruka, pa Chawama!

Mkwatibwi anakhala kuchipinda atafunda chitenge, akulira mpaka ufa wa kumaso unasanduka phala. Abusa anayang'ana wotchi mpaka anaivula. Mpunga unazizira, akuchimuna anayamba kunong'onezana kuti mwina banjali lili ndi tsoka. Ine ndinaimba, anyamata, ndinaimba ngati sindidzaimbanso, nkhalamba zinataya ndodo, Matero yense anadzaza pamsewu, koma maso anga anali pageti, lekodi iliyonse ndikuti ikamatha iyi afika, ikamatha iyi afika. Makatoni anayi anatha.

Dzuwa litapendeka ndinamva kabelu, ngili ngili. Layitoni, masokosi atafiira ndi fumbi, shati itamatirira pamsana, akupalasa kanjinga kake, ndipo pakaliyala atakhala Esinati, diresi la mkwatibwi pamiyendo, dzanja limodzi atagwira m'chiuno mwa kalaliki. Chawama mpaka Matero pa njinga ndi kutali, anyamata. Anthu awiri amakambirana zambiri. Anatsika, anadutsa pafupi ndi tebulo langa, ndinatsitsa nyimbo kuti ndimufotokozere za lamulo la kupakira, koma iye anangoyang'ana sipika yachinayi ija, n'kundiyang'ana ine.

"Wofunika koyamba uja ndi ameneyu?" anatero. "Mukhale naye bwino, ba Sakala."

Anali asananditchulepo kuti ba Sakala chiyambire. Pamenepo ndinadziwa kuti zatha.

Chaka chotsatira ndinaimba pa chikwati chawo. Inde, ndinaimba! Akanaitana ndani wina? Ba Daka ananditumizira munthu, chifukwa ngakhale iwo ankadziwa kuti Lusaka yense analibe wina wonga Chivomezi, ndipo ndinapakira katundu yense m'kamotoka komweko, ulendo umodzi, anthu n'kuomba m'manja. Misozi imene ena amati anaiona tsiku limenelo unali utsi wa jenereta.

Ampulifaya inapsa kalekale, malekodi ana anawasandutsa mawilo a timotoka tawo ta mawaya, masipika atatu ndinagulitsa chaka cha njala ina. Esinati ali ku Matero komweko, nyumba ya njerwa, adzukulu ake sakwana pa benchi imodzi ya tchalitchi. Tikakumana kumaliro amandipatsa moni bwinobwino. Yachinayi ndi iyi ndakhalirayi. Gogodani mumve, mukwa weniweni, chiswe chimathyokapo mano. Zaka zonsezi sinandiyankhepo mwano, komanso sinandifunsepo ngati ndadya.

Mukusekanso chiyani? Inalowa kapena sinalowe? Inalowa! Pitani mukafunse Chawama yense, inalowa, ndipo palibe mwana wa munthu adzabwereze zimenezo. Bweretsani kuno tizidole tanuto ndikupakireni, musanandichititse manyazi pamsewu. Koma iwe wa kapusi, yamba watsegula chitseko chakutsogolo. Mtsikanayo alowe, akhale, atseke. Masipika ndiona ine.